Maso oyabwa: dontho liyambe fumbi lisanafike

Ukangolowa mwezi wa Ogasiti, misika ya m'matauni monga Lunzu, Mponela, Jenda, Ntaja ndi Nchalo imayamba kutuwa. Mphepo imanyamula fumbi la mumsewu n'kukalithira m'nyumba, tchire limapsa usana ndi usiku, mauvuni a njerwa amafuka utsi, ndipo mitengo ya mango imakhala ili maluwa okhaokha. Iyi ndi nyengo yomwe makolo ambiri amatopa n'kukalipira ana kuti aleke kutikita maso.

Koma mwana amene maso akumuyabwa saleka. Amatikita podzuka, amatikita m'kalasi, amatikita ngakhale ali m'tulo. Maso amangotuluka misozi, kuwala kwa dzuwa kumamusowetsa mtendere, ndipo pakapita zaka choyera cha diso chimasanduka chofiirira ngati dothi la katondo. Anyamata ena amafika poganiziridwa kuti ayamba kusuta chamba, chikhalirecho akudwala.

Zikafika pamenepa, kholo limathamangira kugolosale, kwa venda wa mankhwala pamsika kapena kufamase, n'kukapempha kabotolo ka mankhwala a maso amphamvu. Pakutha pa masiku awiri maso ayera, kuyabwa kwatha, ndipo dzina la botololo lafika kale kwa anansi onse. Botolo likatha vuto limabwerera, ndiye kukagulanso lina. Zimayenda chonchi chaka ndi chaka, nthawi zina mpaka mwana kumaliza pulayimale.

Mchitidwe umenewu ukufunika kusintha chifukwa ukuika maso a ana pachiswe. Mankhwala oyenera kutsogola pa vuto la maso oyabwa ndi aja oteteza, omwe amayamba kudonthezedwa maso asanafiire ndipo amapitirira nyengo yonse ya vutolo. Anthu amawaderera chifukwa amagwira ntchito pang'onopang'ono. Koma ambiri mwa mankhwala achangu amene akutamandidwa m'makwalalamu ali ndi mphamvu yopha diso akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali popanda dokotala.

Si matenda opatsirana

Kuyabwa kwa maso kobwerabwera sikuyamba ndi tizilombo toyambitsa matenda. Ndi thupi la munthu mwini wake limene limadana ndi zinthu zomwe ena siziwavuta: mungu wa maluwa ndi udzu, chuku cha m'zipupa zachinyezi, ubweya wa amphaka ndi agalu, komanso tinthata tosaoneka ndi maso tokhala m'fumbi la m'nyumba, m'mabulangete ndi m'matiresi. Utsi, mphepo youma ndi dzuwa zimangosonkhezera moto. Achipatala vutoli amalitcha allergy. Ndi lapachibale ndi mphumu, chimfine chongoyetsemulitsa chosatherapo ndi ziwengo zoyabwa za pakhungu, n'chifukwa chake kawirikawiri matendawa amapezekera pamodzi mwa munthu mmodzi kapena m'banja limodzi.

Pa kachikopa kopyapyala kamene kamakuta choyera cha diso ndi kunsi kwa zikope pali maselo otchedwa mast cells. Maselowa ali ngati alonda onyamula timatumba ta mankhwala a m'thupi, ndipo odziwika kwambiri mwa mankhwalawo ndi histamine. Mwa munthu amene thupi lake limadana ndi mungu, alondawa akangokhudzana nawo amaphulitsa timatumbato. Histamine akatayika, mitsempha ya magazi ya m'diso imakula, diso limafiira, limatupa n'kuyamba kuyabwa. Kutikita nakonso kumaphulitsa timatumba tina, motero mwana akamatikita kwambiri m'pamene kuyabwa kumanyanya.

Akuluakulu ambiri vutoli limangowavutitsa koma siliwononga diso. Mtundu woopsa ndi umene umagwira ana, womwe madokotala amautcha vernal keratoconjunctivitis. Umakonda mayiko otentha, umagwira anyamata kuposa atsikana, umayamba mwana asanakwanitse zaka 10, ndipo ambiri umawasiya akatha msinkhu. Kunsi kwa chikope cha m'mwamba kumamera tizotupa tooneka ngati timiyala toyalidwa pansi, kapena m'mphepete mwa chakuda cha diso mumatupa n'kutuluka timadontho toyera. Manthongo ake amakhala onanda ngati thelere.

Kafukufuku amene anachitika pakati pa ana asukulu oposa 3,000 m'dziko la Rwanda, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anapeza kuti ana 4 mwa 100 alionse anali ndi matendawa. Chiwerengero chotere chitapezekanso m'Malawi, ndiye kuti m'kalasi la ana 100, lomwe si lachilendo m'sukulu za pulayimale, mungakhale ana anayi ovutika kuona pabolodi chifukwa cha misozi.

Vutoli lisasokonezedwe ndi matenda a maso ofiira opatsirana, monga aja anabuka ku Karonga kumayambiriro kwa 2024 n'kufalikira m'maboma ena. Amenewo amayamba ndi kachilombo, amagwira anthu ambiri m'nyumba nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri amatha okha m'sabata imodzi kapena ziwiri. Lisasokonezedwenso ndi trachoma, yomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2022 kuti dziko la Malawi lathana nayo ngati vuto lalikulu la umoyo. Zizindikiro za allergy ndi kuyabwa, kugwira maso onse awiri, ndi kubwerera nyengo yomweyo chaka chilichonse.

Mwana wotere sangapatsire mnzake, choncho palibe chifukwa chomuthamangitsira kusukulu kapena kumupatula pa anzake. Ndipo poti mulibe tizilombo, mankhwala opha tizilombo monga tetracycline wopaka m'maso, chloramphenicol ndi gentamicin sathetsa kuyabwako. Kuwagula pa vutoli ndi kutaya ndalama.

Kufolera denga mvula isanagwe

Munthu wanzeru amafolera nyumba yake mu Okutobala kunja kuli gwaa, chifukwa akudziwa kuti mvula ikayamba kudonthera pamphasa udzu umakhala utasowa. Mankhwala oteteza maso amatsata nzeru yomweyo.

Odziwika kwambiri ndi sodium cromoglicate, amene amabwera m'kabotolo kolembedwa kuti 2%. Ntchito yake ndi kulimbitsa timatumba ta alonda aja kuti tisaphulike mungu kapena fumbi likalowa m'maso. Histamine amene watayika kale sangamuchotse. Ichi n'chifukwa chake munthu akadontheza mankhwalawa maso atafiira kale amaona ngati wathira madzi, n'kunena kuti wagula mankhwala abodza. Mphamvu yake imayamba kumveka pakapita masiku angapo, ndipo kuti ikhwime pamafunika sabata ziwiri kapena kuposerapo, munthu akudontheza kanayi patsiku osadumphitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mankhwalawa si achilendo. Anatulukiridwa ku Britain mu 1965, ndipo amene anatsogolera ntchito yowayesa anali Dr Roger Altounyan, dokotala wobadwira ku Syria yemwe mwini wake ankadwala mphumu. Iye ndi anzake ankafufuza mankhwala ochokera ku chitsamba chotchedwa Ammi visnaga, chomwe anthu a ku Egypt akhala akuchigwiritsa ntchito kuyambira kale. Altounyan ankayesa mankhwalawo pathupi lake: ankayamba wawakoka ndi mpweya, kenako n'kupuma dala zinthu zomwe zinkamuyambitsa mphumu. Anaona kuti cromoglicate ankamuteteza akamugwiritsa ntchito asanakumane ndi zomudwalitsazo. Chiphunzitso chimenechi chikugwirabe ntchito lero, m'mapapo ngakhale m'maso.

Masiku ano kulinso mankhwala monga olopatadine ndi ketotifen, omwe amagwira ntchito ziwiri: kulimbitsa timatumba tija komanso kutchinga histamine amene watuluka kale. Amenewa amaziziritsa kuyabwa msanga ndipo kawirikawiri amadonthezedwa kawiri kokha patsiku, koma mtengo wake umakhala wokwererapo. Nawonso amathandiza kwambiri akayambidwa msanga ndi kupitirizidwa tsiku ndi tsiku.

Funso ndi lakuti ayambe liti. Yankho lili kale m'nyumba. Mayi aliyense amene mwana wake wavutikapo zaka ziwiri kapena zitatu amadziwa mwezi umene maso amayamba, ndipo akaiwala, buku la kuchipatala likhoza kumukumbutsa masiku omwe anapita ndi mwanayo kukadandaula za maso. Mankhwala ayambe kutatsala sabata ziwiri kuti mweziwo ufike. Kwa ambiri nyengo yovuta ndi ya chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Ena amavutika chimanga chikamasula ngayaye ndiponso udzu ukachita maluwa. Alipo ena amene maso awo sapuma chaka chonse, ndipo otere dokotala ndiye angawauze kutalika kwa nthawi yodontheza.

Popeza chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, teremu yoyamba imagwera pakati penipeni pa fumbi. Tchuthi cha Ogasiti, pamene makolo amagula yunifolomu ndi makope, ndi nthawi yabwinonso yokaonetsa mwana kuchipatala ndi kuyamba madontho.

Chikomekome cha nkuyu

Nanga mabotolo achangu aja vuto lake n'chiyani? Ambiri mwa iwo amakhala ndi mankhwala a gulu la steroid. Kuwazindikira n'kosavuta kwa aliyense wotha kuwerenga. Pa botolo kapena pakatoni pamalembedwa mayina monga dexamethasone, betamethasone, hydrocortisone kapena prednisolone, nthawi zambiri atasakanizidwa ndi mankhwala opha tizilombo monga neomycin kapena gentamicin.

Mankhwalawa amazimitsa kutupa kulikonse mwachangu, ndipo m'manja mwa dokotala wa maso ndi chida chofunika kwambiri. Vuto limabwera akamadonthezedwa kwa masabata ndi miyezi popanda wina woyang'anira.

M'kati mwa diso mumapangidwa madzi nthawi zonse, ndipo madziwo amatuluka kudzera m'timipata ting'onoting'ono. Steroid amatha kutseka timipatato, madzi n'kuyamba kuchulukana ndi kupanikiza mtsempha umene umanyamula zimene diso laona kupita nazo ku ubongo. Awa ndi matenda a glaucoma. Madokotala anapeza kalekale kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse, mphamvu ya madzi a m'diso lake imakwera akadontheza steroid wamphamvu kwa mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka. Kwa ana imakwera msanga ndiponso kwambiri kuposa akuluakulu.

Choopsa n'chakuti nthawi zambiri glaucoma sapweteka. Diso limaoneka loyera bwino, mwana sakudandaula, makolo akuyamikira mankhwala, uku mtsempha ukufa pang'onopang'ono kuyambira m'mbali. Podzazindikira kuti mwana akupunthwa pa zinthu kapena sakuona njinga yochokera kumbali, zambiri zimakhala zitaonongeka. Mtsempha wa diso ukafa sudzukanso. Palibe opaleshoni, magalasi kapena mankhwala amene angaubweze.

Steroid wa nthawi yaitali amabweretsanso ng'ala, matenda amene anthu amawadziwa kuti ndi a agogo, kwa mwana wa zaka 12. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni, koma ndi ulendo ndi chiopsezo zomwe mwanayo sakanayenera kukumana nazo. Komanso mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha diso. Ngati pa kagalasi ka kutsogolo kwa diso pali kachilonda, monga ka kubayidwa ndi tsamba la chimanga, tizilombo timapeza danga, chilonda n'kukula mpaka kuboola diso.

Palinso mtundu wina wa madontho oyeretsa maso, okhala ndi mankhwala monga naphazoline, omwe amangofinya mitsempha ya magazi kuti kufiira kubisike. Akagwiritsidwa ntchito masiku ambiri, diso limafiira kuposa kale munthu akangowasiya, ndipo amakhala kapolo wa botolo.

Mwana amene wakhala akudontheza steroid kwa nthawi yaitali apite naye kuchipatala pamodzi ndi botolo lomwe, kuti akamuyeze mphamvu ya madzi a m'diso ndi kumuuza kasiyidwe kake. Kusiya mwadzidzidzi kumatha kubwezeretsa kutupa mwamphamvu.

Za m'nyumba ndi za kutchire

Mabanja ena sagula n'komwe botolo. Amathira m'maso mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena a mchere, madzi a mandimu, timadzi ta masamba ofinya, ngakhalenso mkodzo. Kafukufuku amene anachitika m'zipatala ziwiri za maboma m'Malawi muno, yemwe anasindikizidwa mu 1994, anapeza kuti mwa odwala atatu alionse obwera ndi matenda a pa kagalasi ka diso, mmodzi anali atathirapo mankhwala achikuda. Ngakhale papita zaka zambiri, chizolowezichi sichinathe.

Diso limene latikitidwa kwa masabata limakhala ndi timikwingwirima, ndipo chilichonse chosayera cholowa m'menemo chimalowa ndi tizilombo. Mkodzo wa munthu wodwala chinzonono ukhoza kuononga diso m'masiku ochepa chabe. Timadzi ta zomera zina timaotcha ngati moto. Mwana amene akanachira yekha atatha msinkhu amatsala ndi chipsera choyera pakati pa diso moyo wake wonse.

Zothandiza za m'nyumba zilipo, ndipo n'zosalira ndalama. Kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi ozizira a mumtsuko, kakaikidwa pa maso otsinzina kwa mphindi zisanu kapena khumi, kamachepetsa kuyabwa. Kusukusula ndi madzi oyera pochokera kusukulu kapena kosewera kumachotsa fumbi ndi mungu zomwe zakakamira m'nsidze. Kuwaza madzi pansi asanasese, kuyanika zofunda padzuwa ndi kuzikung'untha mwanayo ali kutali, kumuchotsa pa utsi wa kukhitchini ndi kumuveka chipewa dzuwa likamaswa mtengo, zonsezi zimachepetsa ntchito ya mankhwala.

Kuletsa kutikita nako ndi mankhwala. Kutikita kwa zaka zambiri kumatha kupyapyalitsa kagalasi ka diso mpaka kutundumuka ngati kachulu, vuto lotchedwa keratoconus, ndipo likakula ngakhale magalasi sathandiza mokwanira. Komabe mwana sangaleke kutikita ndi chikwapu. Amaleka kuyabwa kukachepa.

Madandaulo a makolo ndi omveka

Pali zifukwa zenizeni zimene makolo amathawira mankhwala oteteza, ndipo si bwino kuzinyalanyaza.

Choyamba ndi ndalama. Botolo la mamililita 10 limakhala ndi madontho pafupifupi 200. Dontho limodzi m'diso lililonse kanayi patsiku ndi madontho 8, kutanthauza kuti botolo limodzi limatha pafupifupi masiku 25. Kuchokera Ogasiti kufika Novembala pangafunike mabotolo anayi kapena asanu, ndipo iyi ndi nthawi yomwe banja likusakasaka ndalama ya feteleza ndi ya sukulu. Chipatala cha boma chikakhala kuti mankhwalawa chilibe, mtolo wonse umagwera kholo.

Koma masamu awerengedwe mbali zonse. Mabotolo achangu nawo amagulidwa mobwerezabwereza. Ndipo mwana akadwala glaucoma, banja limayamba maulendo a ku Blantyre, Zomba, Lilongwe, Nkhoma kapena Mzuzu, ndi mankhwala ena odontheza mwina moyo wake wonse. Pamwamba pa izo pali sukulu imene yaduka ndi ntchito zimene sadzatha kugwira. Komanso si aliyense woyabwa maso amene amafunika madontho nyengo yonse. Amene vuto lake ndi laling'ono, madzi ozizira ndi kupewa fumbi zimatha kumukwanira. Wosiyanitsa ndi wachipatala.

Chachiwiri ndi kuiwala. Kanayi patsiku n'kovutadi, makamaka mwana akamapita kusukulu ndipo mayi akamalawirira kumsika. Njira yake ndi kumangiriza madonthowo ku zochitika za tsiku ndi tsiku: m'mawa posukusula, pobwera kusukulu, madzulo nsima isanadyedwe, ndi pogona. Botolo silifunika kupita kusukulu. Chovuta kwambiri ndi kupitiriza pamene maso ali bwino, chifukwa ambiri amati mwana wachira n'kusiya. Maso akakhala bwino pakati pa fumbi la Okutobala, umenewo ndi umboni woti mankhwala akugwira ntchito, ndiye apitirire.

Chachitatu, ena amati anayesapo koma maso anafiirabe. Izi zimachitikadi. Kwa mwana amene matenda ake ndi aakulu, mankhwala oteteza paokha sakwanira nthawi zonse. Zikatero dokotala wa maso amatha kupereka steroid kwa nthawi yochepa, akuyeza diso ndi kuchepetsa mlingo pang'onopang'ono, uku madontho oteteza akupitirira. Kusiyana kwake n'kwakuti steroid ameneyu ali ndi tsiku loyamba, tsiku losiya ndi munthu womuyang'anira. Phindu la mankhwala oteteza ndi lakuti nthawi zofunika steroid zimachepa ndipo zimafupika.

Kadonthezedwe koyenera

Mankhwala abwino akhoza kulephera chifukwa cha kathiridwe. Wodontheza ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Akokere pansi chikope cha m'munsi kuti pakhale kathumba, n'kugwetsamo dontho limodzi lokha, chifukwa diso silisunga oposa pamenepo ndipo lachiwiri limangotsikira patsaya. Kamwa la botolo lisakhudze diso, nsidze kapena chala. Akatero wodwala atsinzine ndi kudina pang'ono pakona ya diso ya kumphuno kwa mphindi imodzi.

Mwana wamng'ono woopa akhoza kugona chagada atatsinzina, dontho n'kuikidwa pakona ya kumphuno ija. Akaphenyula limalowa lokha. Mankhwalawa amalasa pang'ono kwa kamphindi, ndipo ndi bwino kumuuziratu mwana kuti asadzidzimuke.

Tsiku lotsegulira botolo lilembedwe pakatoni, ndipo pakatha masiku 28 botololo litayidwe ngakhale mutatsala mankhwala, chifukwa tizilombo timakhala titayamba kulowamo. Botolo la chaka chatha lisatulutsidwenso m'sutikesi. Lisungidwe pamalo pozizira, kutali ndi dzuwa ndi ana, ndipo asabwerekane ndi mnansi. Ngati dokotala wapereka mitundu iwiri, pakati pake padutse mphindi zisanu.

Pamene sipafunika kudikira

Mawu oti kudekha asamveke molakwika. Pali zizindikiro zomwe zikaoneka munthu ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Diso likamapweteka kwenikweni, kuona kukachepa, pa chakuda cha diso pakaoneka kadontho koyera, mwana akamalephereratu kuphenya pa kuwala, vuto likakhala diso limodzi lokha, mafinya achikasu akamatuluka ambiri, kapena diso likavulala, zimenezo zapitirira kuyabwa wamba. Khanda lobadwa kumene likatupa maso ndi kutuluka mafinya, ndi nkhani yothamangira ngakhale usiku.

Ngakhale popanda zizindikirozi, sitepe yoyamba ndi kuyezetsa kuti zidziwike ngati vuto ndi allergy. M'zipatala za maboma mumakhala achipatala ophunzira za maso, ndipo m'zipatala za boma thandizo ndi laulere. Zikawakanika amatumiza odwala ku zipatala zazikulu za maso monga cha Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre, cha pa Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi zina. Safunsa anadya phula.

Udindo si wa makolo okha

Si chilungamo kuloza chala makolo okha pamene botolo loopsa likupezeka pafupi kuposa loteteza. Bungwe loona za mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, lili ndi udindo woonetsetsa kuti mankhwala akugulitsidwa m'malo ovomerezeka okha. Madontho a steroid sayenera kuyalidwa pa benchi pamsika pambali pa mabatire ndi sopo, ndipo mwini famase amene amawapereka kwa kholo popanda chikalata cha dokotala akudyera maso a mwana wa mnzake. Ogulitsa ophunzira ali pamalo abwino ofunsira mafunso awiri okha, kuti maso akuyabwa kapena akupweteka, ndiponso kuti botolo limeneli ndi lachingati.

Unduna wa Zaumoyo ndi Central Medical Stores Trust aone vutoli ngati la nyengo. Monga momwe amakonzekera malungo mvula isanagwe, mankhwala oteteza maso azifika m'zipatala za maboma ndi zing'onozing'ono mu Julaye. Wachipatala amene m'kabati mwake muli tetracycline yekha amapereka tetracycline yemweyo, kholo n'kuona kuti sizikuthandiza, mapeto ake n'kutembenukira kwa venda.

Tsiku loganizira za maso padziko lonse limakhala Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Okutobala. Ndi tsiku labwino, koma kwa mwana woyabwa maso uthenga wa tsikulo umafika mochedwa. Mawailesi a m'madera, alangizi a zaumoyo kusikelo, mipingo ndi mizikiti azikumbutsa makolo mu Juni ndi Julaye.

Aphunzitsi nawo amaona ana tsiku lililonse ndipo amadziwa amene amangotsinzina ndi kutikita. M'malo momupatsa chilango kapena kumubweza, mphunzitsi akhoza kumuchotsa pa ntchito yosesa ndi yofufuta bolodi, kuonetsetsa kuti m'kalasi mwawazidwa madzi asanasese, ndi kulembera makolo kakalata kowalangiza kupita kuchipatala. Makomiti a sukulu ndi magulu a amayi akhoza kuika nkhaniyi pa misonkhano yotsekera teremu yachitatu.

Matenda a maso oyabwa a ana amatha okha kwa ambiri akakula. Ntchito ya kholo ndi kumuolotsa mwana zaka zovutazo maso ake ali athunthu, opanda chipsera, opanda ng'ala, mtsempha uli wamoyo. Izi zimafuna ulendo umodzi wa kuchipatala mphepo ya Ogasiti isanayambe, kabotolo koyenera, ndi dzanja losatopa kudontheza ngakhale pa masiku amene maso akuoneka oyera. Ndipo botolo lililonse lochita zodabwitsa m'masiku awiri liyambe lawerengedwa dzina lisanayandikire diso la mwana.